Dzina limene agogo sanalilembe

Fungo la pensulo yosongoledwa kumene likangondipeza, kaya ndili m'basi kaya pa kiliniki, ndimapezeka ndabwerera ku Thamesmead, kuno kudziko la Azungu, m'khitchini ya agogo anga, pansanjika yachinayi ya nyumba zija za simenti zoyang'ana kumtsinje. Ndimawaona agogo aamuna, a Mbewe, atakhala patebulo atavala jekete ndi tayi ngakhale kuti sakupita kulikonse, akusongola mapensulo awiri ndi lezala, ina yofiira ina yabuluu, tizipalo take tikugwera pa nyuzipepala yakale, hita ikung'ung'udza pakona, mawindo atachita nthunzi moti mabasi odutsa pansi ankangooneka ngati zinthu zofiira zoyenda m'madzi. Pambali pawo pali agogo aakazi, a Nachisale, akusita malaya, simbi ikupuma nthunzi, iwo akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mphuno, osatsegula pakamwa.

Ndisaname, ine si munthu wolemba. Satifiketi yanga ndi ya kukoleji, ya ntchito yosamalira ana, ndipo panopa ndili pakhomo ndi khanda langa loyamba, Yamikani. Chibadwireni mwanayu mtima wanga sukhala pansi. Akagona ndimaika chala pansi pa mphuno yake kuti ndimve mpweya. Akatentha thupi pang'ono ndimathamangira foni mpaka bambo ake amandilanda kuti ndisaimbirenso dokotala. Ndafufuza kumene mantha amenewa anachokera, ndipo njira iliyonse imakandisiya patebulo paja.

Ndinakulira m'nyumba imeneyo chifukwa amayi anga, a Tamanda, ndi nesi, ndipo masiku amenewo ankagwira mashifiti opanda mutu ku chipatala chachikulu cha ku Edmonton. Bambo anga sindinakule nawo. Choncho mkati mwa sabata ndinali wa agogo, amayi n'kumabwera kudzanditenga Loweruka akapuma. Chichewa chimene ndikulembachi ndi cha m'khitchini imeneyo. Ndikayankha m'Chingerezi, agogo aamuna ankatembenukira kukhoma n'kulifunsa kuti, "Kodi pali amene wayankhula?" Kwa ine anthu awiriwa anali ngati nsapato ziwiri za munthu mmodzi. Sindinkadziwa kuti nyumba imatha kugwa eni ake onse ali moyo.

Kwathu agogo aamuna anali mphunzitsi wa zilankhulo ku Zomba. Anathawa m'nthawi ya chipani chimodzi, atamva kuti dzina lawo latchulidwa kumene siliyenera kutchulidwa. Anakhala ku Lusaka, kumene amayi anga anabadwira, kenako anabwera kuno, n'kugulitsa matikiti pa siteshoni ya sitima mpaka kupuma. Koma ntchito imene ankaitcha yawo inali ya patebulo paja. Panali buku lonenepa, chikuto chake chomata ndi selotepi, limene mtsogoleri wina wa ndale wa ku India analemba pofotokoza moyo wake. Agogo sankaliwerenga kuti adziwe zimene zinachitika ku India ayi. Ankafuna kugwira mmene munthuyo amadzijambulira ndi mawu: pamene akudzichepetsa, pamene akuulula tizolakwa ting'onoting'ono kuti timukhulupirire pa zazikulu, pamene akuima yekha ndi pamene akubisala m'gulu. Ankati tsiku lina adzalemba pepala limene a ku yunivesite adzalivulire chipewa.

Pensulo yofiira inali ya malo onse amene wolembayo waima pakati pa nkhani. Yabuluu inali ya malo amene munthu wina, mkazi wake, mwana, wantchito, akuoneka akuchita kanthu ndi manja ake. Masamba ena ankachita kufiira ngati pophera mbuzi. Yabuluu ankangoisongola mwamwambo, inkatha mochedwa.

Bukulo linali la Chingerezi, koma mwini wake analilemba poyamba m'chilankhulo cha kwawo, ndipo apa ndi pamene pankalowera Mayi Savita a chitseko choyang'anana ndi chathu. Anali mmwenye wobadwira ku Limbe, wamfupi, wovala juzi ziwiri pamwamba pa nsalu yawo ya sari, wonunkhira zokometsera tiyi za kadamoni ndi mafuta opaka m'mawondo. Chichewa chawo chinali cha m'sitolo, chothamanga, chopanda ulemu wambiri. Lachitatu lililonse masana ankalowa osagogoda, atanyamula buku lawo la zilembo zopindikapindika, n'kumawerenga chiganizo m'Chimwenye, kuchimasulira m'Chichewa, agogo n'kumachifananiza ndi cha Chingerezi.

"Aphunzitsi, munthuyu anamwalira kalekale, musiyeni agone," ankatero akukhala pampando.

"Akanafuna kugona sakanalemba buku. Werengani, mayi."

"Apa kwathu akuyankhula ngati malume ako akupempha madzi akumwa. M'Chizungu chanucho akuti chiyani?"

"M'Chizungu akuyankhula ngati ali kukhoti."

"Ndiye wabodza ndani, iyeyo kapena womasulira?"

"Palibe wabodza. Munthu amavala malaya molingana ndi kumene waitanidwa."

Ankakangana mpaka tiyi kuzizira, agogo aakazi n'kumaseka chamumtima kuseri kwa nthunzi ya simbi. Ine ndinkakhala kumapeto kwa tebulo ndi ntchito ya kusukulu, ndipo nthawi zina agogo ankandiloza ndi pensulo yabuluu ija n'kunena kuti, "Thoko, munthu akamakuuza za moyo wake, usamangomvera zimene akunena. Uzifunsa kuti pamene iyeyo ankaganiza zozamazo, madzi anatunga ndani." Ndinkawaona ngati munthu woona mkati mwa khoma. Ndinkakhulupirira kuti padziko lonse palibe amene angawabisire kanthu.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinamva dzina lija. Tsiku limenelo agogo aamuna anachedwa kometa tsitsi, Mayi Savita n'kulowa asanabwere. Ine ndinali nditagwada kuseri kwa tebulo, ndikufunafuna labala yanga, ndiye sanandione. Anaika buku lawo pansi n'kunena kwa agogo aakazi, amene ankasita, ndi mawu ofewa amene sindinawamvepo kwa iwo, "Amake Limbani, mwadzuka bwanji lero? Msana uja?"

Mwana aliyense woleredwa Chimalawi amadziwa kuti mayi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake woyamba. Ku tchalitchi amayi anga anali amake Thoko. Ndiye agogo anayenera kukhala amake Tamanda, chifukwa amayi anga anabadwa okha, aliyense ankadziwa zimenezo. Ndinadzuka, mutu n'kugunda tebulo, n'kufunsa kuti, "Agogo, Limbani ndani?"

Mayi Savita anagwira pakamwa. Agogo sanatembenuke. Simbi inakhala pamalo amodzi mpaka fungo la nsalu yopserera linadzaza khitchini, ndipo malaya oyera aja, a agogo aamuna, anatsala ndi chipsera chooneka ngati tsamba. Kenako anati, "Maliza za kusukulu." Loweruka ndinafunsa amayi anga m'basi. Anali atatopa, maso ofiira, ndipo anangoti, "Limbani? Kaya. Mwina ndi zinthu za kumudzi. Usamavutitse agogo ako." Ndinaona kuti sakubisa kanthu. Sankadziwadi.

Chaka chomwecho agogo aamuna anayamba kulemba za moyo wawo. Ankati aphunzira mokwanira pa zolakwa za mnzawo wa ku India, tsopano aonetse mmene munthu woona mtima amadzilembera. Mbiri inamveka, ndipo akuluakulu a gulu la Amalawi anawapempha kuti akawerengeko gawo limodzi pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu, mu holo ya tchalitchi ina ku Tottenham. Agogo anasankha gawo la kuthawa kwawo. Ankayeserera m'khitchini, ataimirira, dzanja limodzi kumbuyo, ife awiri tili omvera.

Kunena zoona, linali gawo lokoma. Ankafotokoza lole ya fodya imene anabisalamo, fungo la masamba likuwatsamwitsa koma osayerekeza kutsokomola, nsapato imene inang'ambika pamalire mpaka anaimanga ndi luzi, mayi wina wachilendo amene anawapatsa chinangwa chophika osawafunsa dzina. Anavomerezanso kuti anali ndi mantha, kuti analira. Ndipo kumapeto kwenikweni panali chiganizo ichi: "Banja langa linanditsatira patapita nthawi, ndipo tinayamba moyo watsopano."

Agogo aakazi anaimika simbi.

"Bwerezani pomalizirapo."

Anabwereza.

"Basi?"

"Basi. Iyi ndi mbiri ya ndale, Nachisale, si ya m'nyumba."

"A Mbewe," anatero agogo, osakweza mawu ngakhale pang'ono, "ine ndakhala chete zaka zonsezi chifukwa inunso munali chete. Ndinkati ndi mmene tikulirira, aliyense kumbali yake. Koma mukakaima pamaso pa anthu n'kuwerenga zimenezo mmene zililimu, ine muno sindidzagonamonso."

"Musayankhule ngati mwana pamaso pa mwana."

"Ndanena."

Anatenganso simbi n'kupitiriza kusita, koma nyimbo ya m'mphuno ija sinabwerenso. Agogo aakazi sanali munthu woopseza. Akati mawa kuchapa, kunkachapidwa ngakhale kugwe chipale chofewa. Mawa lake ndinaona sutikesi yawo yabulauni, imene inkakhala pamwamba pa wadirobu chibadwireni ine, itatsitsidwa, itapukutidwa fumbi, ili kuseri kwa chitseko.

Lachitatu lotsatira Mayi Savita anabwera, ndipo zinaoneka kuti amva kale. Sanatsegule buku lawo. Anatola pensulo yabuluu n'kuikankhira kwa agogo aamuna pamwamba pa mapepala awo olemba pamanja aja.

"Aphunzitsi, tayesani iyi pa zanuzi. Tione ngati ilembe."

Sindinawaonepo agogo atakwiya choncho. "Inu mukudziwa chiyani za dziko lija? Ife tikumangidwa, inu munali kuseri kwa kauntala mukuyeza nsalu."

"Nafenso anatitulutsa, aphunzitsi, tinasiya manda a makolo athu komweko. Koma ine sindikunena za dziko. Zaka zonsezi takhala tikumuvula munthu wakufa malaya, kuti mkazi wake wamuika kuti, ana ake wawaika kuti. Lero ndi inu."

"Tulukani m'nyumba mwanga."

Anatuluka, buku lawo kukhwapa, ndipo pa chitseko anagwira dzanja la agogo aakazi kwa kanthawi. Lachitatu limenelo linali lomaliza.

Ine ndinayesa zimene mwana angayese. Tsiku lina tikuchokera ku sitolo, mphepo ya kumtsinje ikutikankha m'makonde aatali aja, ndinawagwira mkono agogo aamuna n'kunena m'Chichewa changa chabwino kwambiri, chosasakaniza, kuti, "Agogo, bwanji mungowonjezera zimene agogo aakazi akufunazo? Ngakhale mzere umodzi." Sindinkadziwa n'komwe kuti mzerewo ukanati chiyani. Anaima, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, maso akuchita misozi, kaya ya mphepo kaya ya chiyani. Anandikonzera kolala ya jekete n'kuti, "Tiye, mkaka utentha." Kunja kunali kozizira moti mkaka sukanatentha. Komabe ndinadzilimbitsa mtima kuti asintha. Munthu woona mkati mwa khoma sangalephere kuona sutikesi kuseri kwa chitseko.

Tsiku la chikondwerero tinayenda ulendo wautali uja wochokera ku Thamesmead, basi, sitima, sitima ina, agogo aamuna atakumbatira chikwama cha mapepala pachifuwa, agogo aakazi atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi pansi pa jasi. Amayi anga anatipeza komweko, atachokera ku shifiti. Mu holo munali kutentha ndi phokoso, fungo la mandasi ndi nkhuku yokazinga, mbendera zitapachikidwa ndi selotepi, madoda a masuti akale akuitanana ndi maudindo a m'maboma amene anatha kalekale, manesi atavala zitenje akujambulana, ana akuthamanga pakati pa mipando, akuitanidwa m'Chichewa n'kumayankha m'Chingerezi. Woyendetsa mwambo anali mnyamata wa mawu ambiri. Anawaitana agogo kuti "mkango wathu wa ku Zomba," anthu n'kuomba m'manja.

Anawerenga bwino, abale. Pa lole ya fodya holo yonse inati chete. Pa nsapato yomanga ndi luzi bambo wina wachikulire anavula magalasi n'kupukuta maso. Pa chinangwa chija amayi ena analuluta. Ine ndinkangoyang'ana tsamba lomaliza likuyandikira m'manja mwawo, zala zanga zitakanirira mpando. Atafika pamenepo anaima. Anakweza mutu n'kuyang'ana kumene kunakhala agogo aakazi, ndipo ndinati mumtima, eya, ndi pano, asintha. Kenako anaweramanso n'kuwerenga, liwu ndi liwu, mmene zinalili: banja langa linanditsatira patapita nthawi.

Anthu anayamba kuomba m'manja. Agogo aakazi anaimirira. Anamasula chitenje n'kuchimanganso molimba, ngati munthu amene akufuna kusenza katundu.

"Mayi, mafunso ndi kumapeto," anatero woyendetsa mwambo akumwetulira.

"Si funso, mwana wanga. Khala pansi."

Sanapite ku maikolofoni. Anayankhulira pomwepo, ndi mawu awo a masiku onse, amene ankandiitanira kudzadya.

"Ambiri muno mumandidziwa kuti Mayi Mbewe. Ine ndine make Limbani. Bambo awa atathawa, anthu aja anabwera kudzatenga ine, ndili ndi mwana kumbuyo, woyamba, wamwamuna, asanayambe n'kukwawa komwe. Ankafuna ndinene kumene apita. Ndinkadziwa, koma sindinanene. Mwanayo anatentha thupi m'chitokosi. Ndinamenya chitseko mpaka manja anatupa, amayi anzanga a m'menemo anakuwa nane, palibe anatsegula. Anafera pamiyendo panga pano. Anadzamutenga atamukulunga m'bulangete la boma, ndipo kumene anakamuika sindikudziwa mpaka lero. Kutsatira patapita nthawi kumene mwaomberaku m'manja ndi kumeneko."

Mwana wina anagwetsa botolo n'kugubuduzika pansi pa mipando, ndipo tonse tinalimva mpaka linakaima. Amayi anga anali ataimirira pafupi ndi tebulo la zakudya, mbale ya pepala m'manja. Mbaleyo inapendama, mpunga n'kukhuthukira pa nsapato zawo za kuntchito, iwo osaona. "Amayi," anatero, mawu ngati a kamtsikana, "ndinali ndi mlongo? Ine? Amayi!"

Tonse tinayang'ana agogo aamuna. Maikolofoni inkatola mpweya wawo, tinkaumva m'masipika, ukulowa, ukutuluka. Ndinkadikira kuti atsike, kapena agwade, kapena angotchula dzinalo kamodzi. Ndikulumbira, akanangolitchula, agogo aakazi akanakhala pansi. Anali asanatenge n'chikwama chomwe, chinali chikadali pampando.

Ananyowetsa chala ndi malovu, n'kutembenuza tsamba, n'kuyamba kuwerenga gawo lotsatira, la mmene anapezera ntchito ku Lusaka.

Ankawerengabe, za ofesi, za njinga imene anagula, za msonkhano wina wa anthu othawa kwawo. Gawo limenelo silinali n'pa pulogalamu pomwe. Bambo wa magalasi uja anati chapansipansi, "A Mbewe, basi, basi achimwene," koma sanamve. Agogo aakazi anawayang'ana pang'ono, n'kutola chikwama, n'kuyamba kuyenda pakati pa mipando, amayi achikulire akuwagwira chitenje podutsa, ena akulira. Amayi anga anandikoka dzanja mwamphamvu moti phewa linandipweteka mpaka mawa lake. Pa chitseko ndinacheuka. Anali akuwerengabe, kamunthu kakang'ono ka tayi, kutsogolo kwa mbendera imene mbali imodzi inali itamatuka.

Sutikesi ija anakaitenga amayi anga. Agogo aakazi anasamukira ku Edmonton, m'kachipinda kanga, ine n'kusintha sukulu, n'kusiya anzanga onse pakati pa chaka. Ku Thamesmead sanakagonenso, monga ananenera. Ukwati sanauthetse kukhoti, mphete sanavule, ndipo ndikabwera kowaona agogo aamuna Loweruka ankandifunsa funso limodzi lokha: "Akudya?" Amayi anga anatha pafupifupi chaka osawayankhula bambo awo. Nthawi zina ndinkawapeza amayiwo m'bafa atatseka chitseko, madzi akutuluka pampopi, akulira munthu amene sanamuonepo ngakhale pa chithunzi.

Khitchini ya ku Thamesmead inasintha fungo. Nthunzi ya simbi inatha, kunatsala chinyezi ndi mkate wopserera. Mapensulo agogo aamuna ankawasongolabe, onse awiri, koma buku la mtsogoleri wa ku India linkangokhala chotseka, ndipo pepala la a ku yunivesite lija silinalembedwe. Mayi Savita ankawasiyira chakudya pa chitseko m'kontena, osagogoda, iwo n'kumabweza kontenayo itatsukidwa, osagogodanso. Za tsiku lija ine ndi agogowo sitinakambepo. Ndinkawakondabe, ndipo zimenezi zinkandichititsa manyazi, ngati ndikuwaba kwinakwake. Nditakula ndinafunsa agogo aakazi kuti zinatheka bwanji kuti munthu wanzeru choncho aiwale mwana wake. Anandiyang'ana ngati ndanena zopusa. "Kuiwala? Munthu amene amalambalala dzenje limodzi tsiku ndi tsiku, osaphonya, ndiye kuti akulidziwa bwino dzenjelo kuposa tonsefe."

Panopa agogo aamuna ali m'nyumba yosamalira okalamba, chakuno ku Edmonton konkuno, ndipo mutu wawo wayamba kutaya zinthu. Masiku ena amandidziwa, masiku ena amandiyesa nesi n'kundifunsa ngati sitima ya ku Blantyre yadutsa. Mwezi watha ndinaganiza zokawaonetsa Yamikani. Ndinkaopa kukwera basi ndekha ndi khanda, ndiye agogo aakazi, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anati andiperekeza, koma akathera pa khomo. Sanawaonepo chilowereni m'nyumbamo.

Tinawapeza atakhala pa windo, atavala tayi pamwamba pa juzi. Mtsikana wina wa ku Mzuzu amene amagwira ntchito mmenemo ndi amene amawamangira m'mawa uliwonse, akuti popanda tayi sadya. Ndinagwada n'kuwaika mwanayo m'manja, manja anga ali pansi pa awo chifukwa cha mantha anga aja. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Anamugwira pamphumi ndi kuseri kwa zala, ngati mmene ndimachitira ine. Kenako anakweza mutu kuyang'ana ku chitseko, kumene agogo aakazi anaima atatsamira ndodo, n'kunena bwinobwino, mawu a mphunzitsi aja atabwerera:

"Amake Limbani, bwerani mudzaone. Thupi lazizira. Ali bwino."

Sindinathe n'kucheuka komwe. Ndinangomva ndodo ikugogoda pansi, pang'onopang'ono, mpaka inafika pambali panga.

"Si ameneyo, a Mbewe," anatero agogo. "Uyu ndi Yamikani, wa Thoko."

"Wa Thoko," anabwereza, ngati mwana wa sukulu.

Agogo aakazi anakhala pampando wa pafupi, n'kutenga mwanayo, n'kumuika pamiyendo pawo. Anakhala choncho mpaka nthawi ya alendo inatha, onse awiri akuyang'ana khandalo likugona. Pobwerera m'basi ndinalephera kupirira.

"Agogo, munamva mmene anakuitanirani?"

"Ndinamva."

"Ndiye?"

Anayang'ana pa windo, masitolo a ndiwo ndi a mafoni akudutsa. "Achedwa," anatero. Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Sabata ya mawa utenge kabulangete kena, m'chipinda muja mukuzizira."

Pamene tinkasamutsa katundu wa ku Thamesmead, amayi anga anafuna kutaya zonse za patebulo paja. Ine ndinatola pensulo yabuluu. Ikadali yaitali. Imakhala m'chikwama cha matewera, pakati pa botolo la mankhwala a kutentha thupi ndi kadi ya kusikelo, ndipo sindilembera kanthu. Mantha anga sanathe, chala changa chimapitabe pansi pa mphuno ya mwanayu kangapo pa tsiku, koma tsopano ndimadziwa kuti ndikumvera mpweya wa ana awiri. Ndikamafotokozera anzanga mmene ndinavutikira pobereka, ndimadzigwira ndili pakati pa nkhani ndekhandekha, ndiye ndimabwerera n'kunena kuti amayi anga ndi amene anandigwira mutu, ndipo agogo aakazi anakhala pa benchi ya panja osadya kanthu kuyambira m'mawa. Ku tchalitchi achinyamata anzanga amadana nazo zoitanidwa ndi dzina la mwana, amati ali ndi mayina awoawo. Ine wina akangoti "amake Yamikani," ngakhale ali kutsidya kwa msewu, ndimavomera mokweza mpaka anthu a pa siteji ya basi amacheuka.